Nambala ya madijiti 41 miliyoni ija ndi yotani kwenikweni, nanga anadziwa bwanji kuti ndi prime?

Mu Okutobala 2024 kunamveka nkhani yoti kwapezeka nambala ya prime (nambala yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi) yaikulu kuposa ma prime onse omwe anthu akuwadziwa, ndipo chimvekereni nkhaniyo ndaona anthu akuisokoneza pawiri. Ena amati "apeza nambala yaikulu kwambiri padziko lonse", zomwe sizingatheke, chifukwa nambala iliyonse yomwe mungatchule mnzanu angowonjezerapo 1 basi wakuposani. Ena amafunsa kuti kodi nambala amachita kuipeza bwanji, inatayika? Funso lachiwirili ine ndimalikonda chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Nambalayo inalipo kale, chomwe chinapezeka ndi khalidwe lake, anthu anatsimikiza kuti ndi ya mtundu wakuti, ndipo anatero popanda munthu olo mmodzi kuiwerenga yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Nambala yake ndi iyi: tengani 2, chulukitsani ndi 2, yankholo chulukitsaninso ndi 2, muzingotero mpaka ma 2 mwagwiritsa ntchitowo akwane 136,279,841, mukamaliza chotsanipo 1. Mwachidule amalemba kuti 2^136,279,841 − 1, kachizindikiro ka ^ kakungotanthauza kuti ma 2 ochulukitsanawo alipo angati. Mukailemba yonse ili ndi madijiti 41,024,320. Dijiti ndi kachilembo kamodzi ka nambala, kuyambira 0 mpaka 9, ndiye 365 ili ndi madijiti atatu, miliyoni ili ndi 7 okha. Mutati muzitchula dijiti imodzi pa sekondi iliyonse, osagona osapuma, mungathe masiku pafupifupi 475. Ndipo poti tiyerekeze, asayansi amati ma atomu onse a m'chilengedwe chomwe timatha kuona kuchuluka kwake ndi nambala ya madijiti pafupifupi 80 basi. 80 yokha, apa tikukamba za 41 miliyoni.

Khalidwe la nambala limaoneka pogawa

Akatswiri a masamu akapatsidwa nambala yaikulu funso lawo loyamba si lakuti ndi yaikulu bwanji ayi, amafunsa kuti imagawika ndi chiyani. Tiyerekeze muli ndi timiyala 12 mukufuna kutiyala m'mizere yofanana popanda kotsala. Mutha kupanga mizere iwiri ya 6, itatu ya 4, inayi ya 3, 6 ya tiwiritiwiri, kapena mzere umodzi wa tonse. Manambala omwe amagawa nambala inzawo popanda chotsala chonchi amatchedwa ma factor, ndiye ma factor a 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12 mwini wake. Tsopano onjezani kamwala kamodzi tikhale 13. Yesani mizere iwiri kamatsala kamodzi, itatu kamatsala kamodzi, isanu timatsala titatu, palibe chomwe chikutheka kupatula mzere umodzi wautali. Nambala ngati 13, yoposa 1, yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi, ndiyo prime. Zinazo monga 12 amati composite, kutanthauza kuti ndi zolumikizalumikiza. Ma prime oyambirira ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, ndipo 2 ndi yekhayo wogawika ndi 2 pagululi.

Chomwe chimapangitsa ma prime kukhala ofunika ndi choti ali ngati njerwa zomangira manambala ena onse. Nambala iliyonse yoposa 1 kaya ndi prime kapena mutha kuiphwanya kukhala ma prime ochulukitsana, ndipo kaphwanyidwe kake ndi kamodzi kokha. 360 ndi 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5, muyambire kulikonse, kaya muyambe ndi 36 × 10 kaya 8 × 45, mukafika pa njerwa zomwezo. Apa ndi pomwe pali yankho la funso lomwe limavuta anthu ambiri loti bwanji 1 samuwerengera ngati prime. Akanamulola, 6 akanakhala 2 × 3, komanso 1 × 2 × 3, komanso 1 × 1 × 2 × 3, mpaka kalekale, ndiye lamulo loti kaphwanyidwe ndi kamodzi likanasokonekera. Anangomupatula kuti akhale payekha, si prime si composite.

Taonani manambala anayi oyandikana ndi miliyoni kuti muone zomwe ndikutanthauza ndikamati khalidwe. 999,999 ndi 3 × 3 × 3 × 7 × 11 × 13 × 37, njerwa zambirimbiri. 1,000,000 ndi ma 2 okwana 6 ndi ma 5 okwana 6 basi, ndipo ali ndi ma factor 49. 1,000,001 amaoneka ngati prime mukangomuyang'ana koma ayi, ndi 101 × 9,901, njerwa ziwiri zokha, ndipo nambala yotere ya ma prime awiri amati semiprime, muisunge m'mutu chifukwa tibwereranso kwa iyo. Kenako 1,000,003 ndi prime weniweni, woyamba mwa ma prime a madijiti 7. Anayiwa ali khomo ndi khomo koma mkati mwawo ndi osiyana kotheratu, ndipo palibe njira yongoyang'ana pankhope n'kudziwa.

Zangwiro, zosefukira ndi zoperewera

Pali kagawidwe kena ka manambala kakale kwambiri komwe kakukhudzana ndi nkhani yathuyi. Tengani ma factor onse a nambala kupatula iyo yomwe, muwaphatikize, ndiye muone ngati yankho lafika pa nambalayo. Pa 8 tili ndi 1 + 2 + 4 zomwe ndi 7, sizinafike, ndiye 8 ndi yoperewera, pa Chingerezi amati deficient. Pa 12 tili ndi 1 + 2 + 3 + 4 + 6 zomwe ndi 16, zapitirira, ndiye 12 ndi yosefukira, abundant. Miliyoni uja nayenso ndi wosefukira, ma factor ake amakwana 1,480,437. Prime aliyense ndi woperewera mapeto ake, chifukwa ukachotsa iye mwini umatsala ndi 1 yekha, ndiye nambala yathu ya madijiti 41 miliyoni pakaphatikizidwe aka yankho lake ndi 1 basi.

Koma pali manambala ochepa kwambiri omwe amakwana ndendende. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Awa amatchedwa perfect, tingati angwiro. Wotsatira ndi 496, kenako 8,128, kenako mudumphe mpaka 33,550,336. Agiriki akale ankawadziwa anayi oyambawo, ndipo Euclid, yemwe anakhalako cha m'ma 300 BC ku Alexandria, anaonetsa njira yowapangira. Euclid yemweyo ndi amene anaperekanso umboni woti ma prime sadzatha. Ganizo lake ndi lokoma: tiyerekeze wina wakupatsani mndandanda n'kunena kuti ma prime onse ndi awa. Achulukitseni onse pamodzi muwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo mukaigawa ndi prime aliyense wa pamndandanda ija pazitsala 1 nthawi zonse, ndiye kuti njerwa zake sizili pamndandandapo, mndandanda unali wosakwanira. N'chifukwa chake palibe "prime womaliza", pali wamkulu mwa omwe tawapeza pofika pano basi.

Mersenne ndi mndandanda wake

Manambala opangidwa pochulukitsa ma 2 n'kuchotsa 1 amatchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe anabadwa mu 1588 n'kumwalira mu 1648. Ma 2 awiri kuchotsa 1 ndi 3, atatu ndi 7, asanu ndi 31, ma 2 okwana 7 ndi 127, onsewa ndi ma prime. Mwina mwaona kale kuti 2, 3, 5, 7 nawonso ndi ma prime, ndipo sizinangochitika. Ngati chiwerengero cha ma 2 chili composite yankho silingakhale prime olo pang'ono, mwachitsanzo ma 2 okwana 6 amapereka 63, ndipo poti 6 amagawika ndi 2 ndi 3, 63 amagawika ndi 3 ndi 7 omwe ndi manambala a Mersenne a 2 ndi 3. Ndiye osaka sataya nthawi, amangoyesa pomwe chiwerengerocho chili prime, ndipo 136,279,841 ndi prime payekha.

Vuto ndi loti zimenezi sizokwanira. 11 ndi prime koma 2^11 − 1 ndi 2,047 yemwe ndi 23 × 89. Ndipotu ambiri amagwa chonchi, opambana ndi ochepetsetsa. Mu 1644 Mersenne analemba kuti pa ziwerengero zofika 257, zopereka ma prime ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Panatenga zaka pafupifupi 300 kuti anthu amalize kuchonga mndandandawu, ndipo anapeza kuti analakwitsa malo asanu: 67 ndi 257 sizipereka ma prime, komanso anasiya 61, 89 ndi 107. Ine sindimuona ngati wolephera, munthu wa nthenga ndi inki kutchula 127 molondola si zamasewera.

Katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza pofika 1772 kuti 2^31 − 1, yemwe ndi 2,147,483,647, ndi prime. Mu 1876 Édouard Lucas wa ku France anatsimikiza za 2^127 − 1, nambala ya madijiti 39, ndipo mpaka lero ndi prime wamkulu kwambiri yemwe anapezeka ndi manja popanda makina. Lucas yemweyo anaonetsa kuti 2^67 − 1 si prime koma sanathe kunena kuti amagawika ndi chiyani, ma factor ake anadzawaonetsa Frank Nelson Cole mu 1903 ku New York, 193,707,721 × 761,838,257,287. Makompyuta analowa m'bwalo mu 1952 pomwe Raphael Robinson anapeza ma prime a Mersenne asanu m'chaka chimodzi ndi makina otchedwa SWAC ku Los Angeles.

Nanga kugwirizana ndi manambala angwiro kuli pati? Njira ya Euclid ija imati tengani prime wa mtundu wa Mersenne mumuchulukitse ndi theka la nambala yotsatana naye. 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8,128. Patapita zaka pafupifupi 2,000 Euler anaonetsa kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imachokera munjira yomweyi, palibe ina yobisala. Ndiye tsiku lomwe kunapezeka prime watsopanoyu kunapezekanso nambala yangwiro yatsopano, ya madijiti oposa 82 miliyoni, yaulere.

Ndiye anayesa bwanji?

Apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa kwambiri. Njira yomwe tonse tingaiganize ndi yogawa, kuyesa 2, 3, 5, 7 mpaka titapeza wogawa kapena titatopa. Pali kachidule koti simufunika kupitirira square root, ija nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakubwezera nambala yako, chifukwa ma factor amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndiye pa 101 mungoyesa 2, 3, 5 ndi 7 mwamaliza. Koma pa nambala yathuyi square root yake ili ndi madijiti oposa 20 miliyoni, olo mutasonkhanitsa makompyuta onse omwe anapangidwapo n'kuwapatsa zaka mabiliyoni sangayambe n'komwe kuisuntha ntchitoyo.

Mwayi ndi woti manambala a Mersenne ali ndi mayeso awoawo omwe anayamba ndi Lucas n'kudzakonzedwa bwino ndi Derrick Lehmer cha m'ma 1930, n'chifukwa chake amati mayeso a Lucas-Lehmer. Amayenda chonchi: yambani ndi 4, chulukitsani nambala muli nayoyo ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi nambala mukuiyesayo, sungani chotsala chokha, n'kubwerezanso. Mubwereze kangati? Chiwerengero cha ma 2 chija kuchotsa 2. Mukathera pa 0 ndi prime, mukathera pena paliponse si prime, basi.

Tiyeni tiyese ndi 31, yemwe ndi ma 2 asanu kuchotsa 1, ndiye tibwereza katatu. 4 × 4 kuchotsa 2 ndi 14. 14 × 14 kuchotsa 2 ndi 194, tikagawa ndi 31 patsala 8. 8 × 8 kuchotsa 2 ndi 62, tikagawa ndi 31 patsala 0. Watha, 31 ndi prime, ndipo onani kuti sitinayese kumugawa ndi 3 kapena 5 kapena china chilichonse. Mukachita zomwezo ndi 2,047 muyenda maulendo 9, mudutsa 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, n'kuthera pa 1,736 osati 0, ndiye si prime. Koma mayesowa sakuuzani kuti olakwa ndi 23 ndi 89, amangoti pali wogawa kwinakwake. Ndi zomwe zinamuchitikira Lucas ndi 2^67 − 1 zija, anadziwa kuti chitseko chili ndi kiyi koma kiyiyo sanaione.

Pa nambala ya 2024 maulendowo ndi 136,279,839, ndipo ulendo uliwonse ndi kuchulukitsa nambala ya madijiti mamiliyoni makumi anayi ndi iyo yomwe. Ndi ntchito yolemera koma yotheka. China chomwe chimathandiza ndi choti kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, zomwe amati binary, ndipo mu binary nambala ya Mersenne ndi mzere wa ma 1 okhaokha, 7 ndi 111, 31 ndi 11111, yathuyi ndi ma 1 okwana 136,279,841 ondondozana. Kupeza chotsala pogawa ndi nambala yotere kwa kompyuta n'kosavuta, imangodula n'kuphatikiza. Ichi ndi chifukwa chenicheni chomwe ma prime aakulu kwambiri odziwika amakhala a Mersenne, sikuti ma prime ena aakulu kulibe ayi, alipo osawerengeka pakati pa awawa, koma awa ndi omwe tili ndi chida chachangu chowayesera.

Palinso tinthu tina tomwe mungadziwe nokha ndi pensulo. Dijiti yomaliza mwachitsanzo: ma 2 ochulukitsana amathera pa 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6 mobwerezabwereza, ndiye 136,279,841 mukagawa ndi 4 patsala 1, kutanthauza kuti tathera pa 2, kuchotsa 1 ija, nambalayo imathera ndi 1. Kuchuluka kwa madijiti nakonso, chulukitsani chiwerengero cha ma 2 ndi 0.30103 mufika pafupi kwambiri ndi 41,024,320.

Anaipeza ndani

Kuyambira 1996 kusaka ma prime a Mersenne kwakhala m'manja mwa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa GIMPS lomwe anayambitsa George Woltman. Munthu aliyense amatha kuika pulogalamu yawo yaulere pa kompyuta yake, imapatsidwa nambala yoti iyese, imagwira ntchito mwakachetechete n'kutumiza zotsatira pa intaneti. Wamkulu wam'mbuyomu, 2^82,589,933 − 1 wa madijiti 24,862,048, anapezeka mu Disembala 2018 pa kompyuta ya Patrick Laroche, ndiye panadutsa zaka pafupifupi 6 kuli zii.

Wa 2024 anamupeza Luke Durant wa ku San Jose ku California, yemwe kale ankagwira ntchito ku Nvidia, kampani yopanga zipangizo za makompyuta. Iye sanagwiritse ntchito kompyuta imodzi yapakhomo, anabwereka ma GPU masauzande kudzera pa intaneti m'maiko 17. GPU ndi kachipangizo komwe kanapangidwira zithunzi ndi magemu koma kamatha kuchita masamu ang'onoang'ono ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo aka kanali koyamba kuti prime wa Mersenne apezeke ndi ma GPU. Pa 11 Okutobala makina ena ku Dublin ku Ireland ananena kuti nambalayi ikuoneka kuti ndi prime, pogwiritsa ntchito mayeso ena omwe amangonena kuti mwayi ndi waukulu zedi, ndipo pa 12 Okutobala makina ena ku San Antonio ku Texas anatsimikiza ndi Lucas-Lehmer. Anthu ena anabwerezanso mayesowo pa makina osiyana ndi mapulogalamu osiyana asanalengeze pa 21 Okutobala. Ndi prime wa Mersenne wa nambala 52 wodziwika. Mawu oti wodziwika ndi ofunika, chifukwa pa nthawi yolengezayo ziwerengero zina zapansi pake zinali zisanayesedwe zonse, ndiye n'zotheka kuti pakati pali wina yemwe anadumphidwa.

Zili ndi ntchito yanji?

Nthawi zambiri nkhani ngati iyi ikatuluka pamamveka zoti ma prime aakuluwa ndi omwe amateteza mapasiwedi ndi ndalama za pa intaneti. Pali choona pang'ono koma zasakanizidwa. Njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, yomwe anatulukira akatswiri atatu, Rivest, Shamir ndi Adleman, mu 1977, imadalira semiprime ija ndinati muisunge. Kuchulukitsa ma prime awiri n'kosavuta, koma wina akakupatsani yankho lokha kuti mupeze awiriwo ndi ntchito yoswetsa mutu, yesani nokha ndi 1,000,001 ngati simunaone yankho. Makiyi a RSA ofala masiku ano ndi manambala a madijiti 617, opangidwa ndi ma prime awiri a madijiti pafupifupi 309 aliyense, ndipo mu 2020 akatswiri anakwanitsa kuphwanya nambala yoyeserera ya RSA ya madijiti 250 atagwiritsa ntchito makompyuta ochuluka zedi. Koma ma prime a RSA ayenera kukhala achinsinsi. Prime wa madijiti 41 miliyoni yemwe dziko lonse likumudziwa sangakhale kiyi ya aliyense, komanso ndi wolemera kwambiri kuti makina azimunyamula.

Ma prime a Mersenne ang'onoang'ono ndiye ali pantchito. 2^19,937 − 1 ndi msana wa Mersenne Twister, njira yomwe Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura a ku Japan anapanga mu 1997 yoti kompyuta izitulutsa manambala ooneka ngati amwayi, ndipo imagwiritsidwa ntchito mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndi mapulogalamu ena ambiri. 2,147,483,647 wa Euler uja ndi malire a nambala yomwe makompyuta ambiri akale amatha kusunga m'kabokosi ka ma bit 32 (bit ndi 0 kapena 1 mmodzi wa binary ija), n'chifukwa chake makina omwe amawerenga masekondi kuyambira 1970 mwanjira imeneyo adzasefukira pa 19 Januwale 2038. Pulogalamu ya GIMPS yotchedwa Prime95 nayo imapanikiza kompyuta kwambiri moti anthu amaigwiritsa ntchito poyesa ngati makina ali bwino, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti inavumbula vuto m'ma purosesa ena a Intel.

Ena amaona kuti magetsi ndi ndalama zomwe zimapita pakusakaku n'zambiri poyerekeza ndi phindu looneka, ena amati ndi ngati kukwera phiri lalitali, ndipo zida zomwe zimapangidwa panjira zimadzathandiza kwina. Osakawo ambiri sabisa kuti chimawakoka ndi chidwi, mphoto ya GIMPS pa prime watsopano ndi madola 3,000 okha a ku America.

Ndipo pali mafunso omwe mpaka pano palibe wayankha ngakhale kuti mwana wa pulayimale atha kuwamvetsa. Euclid anaonetsa kuti ma prime sadzatha, koma palibe yemwe watsimikiza ngati ma prime a Mersenne nawonso sadzatha, mwina alipo osawerengeka mwina pali womaliza. Manambala angwiro onse 52 omwe tikuwadziwa amagawika ndi 2, ndipo palibe wapeza wangwiro wosagawika ndi 2 kapena kuonetsa kuti sangakhaleko, chomwe chatsimikizika ndi choti ngati alipo ndiye kuti ali ndi madijiti oposa 1,500. Bungwe la Electronic Frontier Foundation linapereka kale madola 100,000 pa prime woyamba wa madijiti oposa 10 miliyoni, yemwe anapezeka mu 2008 pa kompyuta ya ku yunivesite ya UCLA, ndipo linaikanso madola 150,000 kwa yemwe adzapeze woyamba wa madijiti 100 miliyoni. Kuti nambala ya Mersenne ifike pamenepo pakufunika ma 2 oposa 332 miliyoni, kuposa kawiri omwe ali mu ya Durant.